Golide, Ubongo ndi Malamulo: Kafukufuku wa Ophunzira pa Mercury ku Kadoma ndi Chegutu

Ku Kadoma ndi ku Chegutu, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, mabanja ambiri amadyera golide. Bambo amalowa m'dzenje, mayi amatsuka dothi m'beseni, mnyamata amasenza matumba a miyala kupita nawo kuchigayo. Kumapeto kwa ntchito yonseyi kumabwera kachitsulo kamadzimadzi, kolemera ndi konyezimira, kotchedwa mercury. Ntchito yake ndi kugwira golide ndi kumulekanitsa ndi mchenga. Kachitsulo komweko kamawononga ubongo ndi mitsempha ya munthu.

Kuopsa kwa mercury si nkhani yachilendo. Kunadziwika kalekale, ndipo ku Kadoma kwenikweniko madokotala anakuyeza m'matupi a anthu m'chaka cha 2004. Nanga n'chifukwa chiyani mercury akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero, ndipo ophunzira a m'mayunivesite amene amapita kukachita kafukufuku kumeneko angathandize bwanji?

Funso limeneli limakhudza nthambi zitatu za maphunziro. Sayansi ya ubongo imafotokoza zimene mercury amachita m'thupi. Maphunziro a ndondomeko za boma amafotokoza chifukwa chake anthu amakakamira ntchito yoika moyo wawo pachiswe. Maphunziro a kaphunzitsidwe ka sayansi amafufuza njira yofikitsira uthenga kwa anthu kuti asinthe kachitidwe. Nthambi zitatuzi zili ngati mafuwa: mukachotsapo limodzi, mphika umagwa.

Kumene nkhaniyi inachokera

Tauni ya Kadoma, imene mpaka 1982 inkatchedwa Gatooma, ndi ya Chegutu, imene inkatchedwa Hartley, zinakula chifukwa cha golide ndi thonje. Migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari, Patchway, Golden Valley ndi Giant ku Gadzema inkafuna antchito ochuluka. Eni nthaka ambiri anali ndi minda yawo ndipo sankalola kukhalitsa pamgodi, choncho eni migodi anayang'ana kumpoto. Bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau linakhazikitsidwa mu 1903, koma anthu ambiri a ku Nyasaland ankabwera okha wapansi, kudzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi. Ena anabwerera kwawo. Ena anakwatira konko, nakhala machona.

Zidzukulu zawo zilipo mpaka pano m'madera monga Ingezi, Rimuka ndi Eiffel Flats ku Kadoma, ku Chakari, ndiponso ku Pfupajena ku Chegutu. Gule wamkulu amavinidwabe m'makomboni a m'migodi, ndipo Chichewa chimamvekabe pamaliro ndi m'nyumba, chosakanikirana ndi Chishona. Mbiri ya anthu amenewa inalembedwanso ndi wophunzira: Anusa Daimon analandira digiri ya udokotala ku University of the Free State mu 2015 atafufuza za Amalawi a ku Zimbabwe kuyambira 1895 mpaka 2008.

Zinthu zinayamba kuthina m'zaka za m'ma 1990. Ndondomeko yosintha chuma ya ESAP inachotsetsa anthu ambiri ntchito, chilala cha 1992 chinapsereza minda, ndipo mtengo wa golide utatsika kumapeto kwa zakazo migodi ina inachepetsa antchito kapena kutsekedwa. Kuyambira 2000 antchito a m'mafamu anataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo mafakitale a nsalu a David Whitehead ku Kadoma ndi ku Chegutu anafooka. Amene anali ndi kumudzi anabwerera kukalima. Ana a machona analibe munda wa makolo woti athawireko. Ambiri a iwo, pamodzi ndi anzawo a mitundu ina, anatsikira m'maenje a migodi yakale n'kukhala makorokoza, dzina limene okumba golide pawokha amadziwika nalo ku Zimbabwe.

Lero okumba ang'onoang'onowa si ongotola nyenyeswa. Mu 2022 Zimbabwe inagula golide wokwana matani pafupifupi 35 kudzera ku Fidelity Gold Refinery, ndipo magawo oposa 60 pa 100 alionse anachokera kwa iwo.

Mmene mercury amagwirira ntchito pachigayo

Wokumba akatulutsa miyala amapita nayo kuchigayo cha munthu wina. Zigayo zambiri za m'derali zili ndi misi yachitsulo imene imakwera ndi kutsika, kusinja miyala m'madzi mpaka isanduke matope. Matopewo amayenderera pa lata la mkuwa lopakidwa mercury, kapena amayamba atsukidwa kenaka mercury n'kuthiridwa m'beseni. Timibulu ta golide tikakhudza mercury timamatirira. Wokumba amapala chosakanizacho, kuchiika m'kansalu ndi kufinya, ndipo m'kansalumo mumatsala kampira kotuwa, pafupifupi theka golide theka mercury.

Kampirako amakaika pa supuni, pa fosholo kapena m'kachitini n'kukaotcha pamoto. Mercury amawira pa madigiri 357, pomwe golide amasungunuka pa madigiri 1064. Motero mercury amauluka ngati nthunzi, golide n'kutsala. Nthunzi imeneyi ilibe mtundu ndipo ilibe fungo. Wootchayo amaweramira pamotopo kuti aone golide wake, ndiye amaipuma yonse. Ngati waotchera m'khitchini, nthunziyo imamatirira m'makoma, m'denga ndi m'zovala, n'kumatuluka pang'onopang'ono masiku otsatira, banja lonse likupuma.

Pali chinthu china chimene ofufuza anachiona ku Kadoma ndi ku Chakari. Njira ya mercury imagwira golide wochepa, kawirikawiri wosaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a amene ali m'miyalayo. Wotsalayo amapita ndi matope, ndipo matopewo amakhala a mwini chigayo. Iye amawathira m'matanki a mankhwala otchedwa cyanide n'kutulutsa golide wotsalayo. N'chifukwa chake mtengo wogayitsa umakhala wotsika: phindu lenileni la mwini chigayo lili m'matope. Komanso cyanide akakumana ndi mercury wotsalira m'matopemo amapanga mankhwala osungunuka m'madzi, amene amayenda mosavuta kupita m'mitsinje.

Padziko lonse, lipoti la bungwe la United Nations loona zachilengedwe la 2018 linapeza kuti kukumba golide kwamtunduwu kumatulutsa pafupifupi magawo 38 pa 100 a mercury yense amene anthu amaulutsira mumlengalenga. Palibe ntchito ina imene imaposa pamenepa.

Zimene mercury amachita muubongo

Munthu akagwira mercury m'manja, amene amalowa pakhungu ndi wochepa. Ngakhale atam'meza, matumbo amayamwa pang'ono zedi. Ichi n'chimene chimanyenga anthu, chifukwa amamugwira tsiku ndi tsiku osaona chovuta. Khomo lalikulu ndi mapapo. Pa nthunzi imene munthu wapuma, pafupifupi magawo 80 pa 100 amalowa m'magazi.

Ubongo uli ndi chotchinga chimene chimaletsa zoipa zambiri za m'magazi kulowamo. Mercury wa nthunzi amadutsa chotchingachi mosavuta chifukwa amasungunuka m'mafuta a m'thupi. Akalowa m'maselo amasinthidwa kukhala mtundu wina umene sutha kutuluka msanga. Kumeneko amamatirira ku mapuloteni okhala ndi sulphur ndi selenium, amene ena a iwo ndi oteteza selo kuti lisawonongeke, ndipo amasokoneza timizati timene timagwira nthambi za maselo a mitsempha. M'thupi lonse, theka la mercury limatuluka pakatha miyezi iwiri kapena kuyandikira pamenepo, makamaka kudzera mumkodzo ndi m'chimbudzi. Muubongo amatha kukhala zaka.

Zizindikiro zimayamba mwakachetechete. Zala zimanjenjemera munthu akafuna kuchita kanthu kofuna kusamala, monga kulemba kapena kulowetsa ulusi pasingano. Kenaka kunjenjemerako kumafika m'zikope, m'milomo ndi palilime. Kaubongo kakang'ono kakumbuyo kwa mutu, kotchedwa cerebellum, kamene kamagwirizanitsa kayendedwe ka ziwalo, kakakhudzidwa munthu amayenda modzandira ngati waledzera. Nkhama zimatupa, malovu amachuluka, m'kamwa mumamveka chitsulo. Khalidwe nalo limasintha: munthu amapsa mtima msanga, amachita manyazi achilendo, amaiwalaiwala ndipo tulo timam'thawa. Impso nazo zimavulala. Poti zizindikirozi zimafanana ndi za mowa, za malungo kapena za kutopa, kawirikawiri palibe amene amaganizira za mercury, ndipo m'banja ena amayamba kukayikirana za ufiti.

Pali njira yachiwiri. Mercury akagwera m'matope a mumtsinje, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa methylmercury. Ameneyu amaunjikana m'nsomba, ndipo nsomba zodya zinzake n'zimene zimakhala naye wambiri. Uyu ndiye anapha ndi kulumaza anthu ku Minamata m'dziko la Japan, kumene matendawa anazindikiridwa mu 1956 chifukwa cha zonyansa za fakitale ya Chisso. N'chifukwa chake ofufuza amadera nkhawa mitsinje monga Muzvezve, umene umadzaza damu la Claw pafupi ndi Kadoma, ndi Mupfure wa ku Chegutu.

Mitundu yonse iwiri imadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana amene ali m'mimba, ndipo mercury amapezekanso mumkaka wa m'mawere. Ubongo umene ukukula ndi umene umavulala kwambiri.

Amene anafufuza ndi zimene anapeza

Kuyambira 2002 mpaka 2007 kunali ntchito yotchedwa Global Mercury Project, yoyendetsedwa ndi bungwe la UNIDO m'maiko 6: Brazil, Indonesia, Laos, Sudan, Tanzania ndi Zimbabwe. Ku Zimbabwe anasankha dera la Kadoma ndi Chakari. Mlangizi wamkulu anali Marcello Veiga wa ku University of British Columbia ku Canada, ndipo akatswiri a ku University of Zimbabwe, kuphatikizapo Dennis Shoko, anagwira nawo ntchitoyi.

Mu 2004 gulu la madokotala a ku yunivesite ya ku Munich, mmene munali Stephan Bose-O'Reilly ndi Gustav Drasch, linayeza anthu a m'derali n'kuwayerekeza ndi a ku Chikwaka, kumene kulibe migodi ya golide. Anatenga mkodzo, magazi ndi tsitsi. Mkodzo umaonetsa mercury wa nthunzi, tsitsi limaonetsa bwino wochokera m'nsomba. Anayezanso mitsempha ndi zipangizo zimene aliyense angazipeze. Pa kuyeza kwina, machesi 20 amayalidwa patebulo, 10 mbali iyi 10 mbali inayo, bokosi lili pakati. Munthu amatola kamtengo kamodzikamodzi, dzanja lamanja kenaka lamanzere, kuponya m'bokosi, woyeza akuwerenga nthawi. Pa kuyeza kwina munthu amagogoda pensulo papepala kwa masekondi 10, madontho n'kuwerengedwa. Amauzidwanso kukhudza mphuno ndi chala atatsinzina, ndi kuyenda mumzere chidendene chikugunda chala.

Zotsatira zinaonetsa kuti ootcha kampira kaja anali ndi mercury wochuluka kwambiri m'thupi, otsatira anali okhala pafupi ndi zigayo, ndipo a ku Chikwaka anali ndi wochepa. Lipoti la 2008 lokhudza ana a ku Zimbabwe ndi a ku Indonesia linapeza zizindikiro za kuvulala kwa mitsempha mwa ana ogwira ntchito ndi mercury, ngakhalenso mwa ena ongokhala m'deralo.

Ophunzira ndi ofufuza achinyamata anapitiriza pamene akuluakuluwa analekezera. Nadine Steckling wa ku yunivesite ya Bielefeld anasanthulanso zotsatira za 2004, ndipo mu 2014 anafalitsa kuti mwa okumba amene anayezedwa, pafupifupi 7 pa 10 alionse anali ndi matenda a mercury a mgonagona. Stephen Metcalf analemba kafukufuku wa digiri yake yachiwiri ku British Columbia mu 2008, pofufuza njira zothandizira okumba a ku Kadoma ndi Chakari. Mu 2019 ofufuza a ku Munich ndi anzawo a ku Zimbabwe anayezanso okumba a ku Kadoma ndi ku Shurugwi, ndipo anapeza kuti ambiri akadali ndi mercury wopitirira muyezo. Zaka 15 zinali zitadutsa, vuto lili pomwepo.

Maganizo atatu pa zimene boma liyenera kuchita

Ganizo loyamba ndi loletsa ndi kumanga. Mu 1991 boma linapereka lamulo la Statutory Instrument 275, lolola makhonsolo a m'maboma kupereka zilolezo zotsukira golide m'mitsinje. Mu 2006 lamuloli linathetsedwa, ndipo mu November chaka chomwecho apolisi anayamba ntchito yotchedwa Operation Chikorokoza Chapera. Samuel Spiegel, wofufuza wa ku University of Edinburgh amene analondola nkhaniyi kwa zaka zambiri, analemba kuti anthu oposa 25,000 anamangidwa pakati pa 2006 ndi 2009. Ochirikiza njirayi amati mitsinje inali kuwonongeka ndipo golide ankazembetsedwa kunja. Otsutsa amati kukumba sikunathe koma kunangobisala. Munthu woopa apolisi saotcha kampira kake pabwalo pamene pali mphepo. Amakaotchera m'nyumba atatseka chitseko, pomwe pali ana.

Ganizo lachiwiri ndi lowalowetsa okumba m'malamulo: kuwapatsa malo ovomerezeka, ngongole, maphunziro ndi msika. Pangano la Minamata, limene maiko anagwirizana mu 2013 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2017, likutsamira mbali imeneyi. Zimbabwe inalivomereza mu 2021. Panganoli sililamula kuti mercury aletsedwe lero lomwe m'migodi ing'onoing'ono. Limafuna kuti dziko lililonse likhale ndi dongosolo lomuchepetsera, ndi kuthetsa machitidwe anayi oipitsitsa: kuthira mercury m'miyala yonse isanatsukidwe, kuotcha kampira poyera popanda chogwirira nthunzi, kuotchera m'malo okhala anthu, ndi kuthira cyanide m'matope amene akadali ndi mercury. Chovuta n'chakuti lamulo lalikulu la migodi ku Zimbabwe ndi la 1961, ndipo linalembedwa poganizira makampani. Ndalama zolembetsera malo ndi zolembera lipoti la zachilengedwe limene bungwe loona zachilengedwe la EMA limafuna n'zosafikirika kwa munthu wa fosholo ndi chingwe.

Apa ana a machona ali ndi chopinga chinanso. Kulembetsa malo kumafuna chitupa. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwa kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akuwerengedwa ngati alendo. Gawo 43 la malamulo aakulu a 2013 linabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, koma lipoti la Amnesty International la 2021 linasonyeza kuti ambiri akuvutikabe kupeza zikalata, popeza makolo ndi agogo awo anamwalira opanda pepala lililonse. Wopanda chitupa amatsala wokumbira ena, ndipo ntchito zoopsa kwambiri zimagwera iyeyo.

Ganizo lachitatu limati mutu wa nkhani uli pachigayo ndi pamsika. Malinga ngati mwini chigayo akupindula ndi golide wotsalira m'matope, alibe chifukwa chobweretsera makina ogwira golide wambiri. Kawirikawiri ogula golide ndi othandiza okumba ndi ndalama ndi omwenso amabweretsa mercury. Ochirikiza ganizoli amati n'kwapafupi kuyang'anira zigayo, zimene zili pamalo odziwika, kusiyana ndi kuthamangitsa anthu zikwizikwi m'tchire. Ena amafuna kuti okumba azigulitsa miyala yawo yonse kufakitale yogwiritsa cyanide mosamala, n'kulipidwa malinga ndi golide amene wapimidwa. Funso limene limatsala ndi lakuti wopimayo amukhulupirira ndani.

Tisaiwalenso mmene wokumba amaonera zoopsa. Mu February 2019 madzi anasefukira m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields pafupi ndi Kadoma, ndipo mitembo yoposa 20 inatulutsidwa. Mu September 2023 mgodi wa Bay Horse m'boma la Chegutu unagumuka n'kupha anthu. Munthu amene m'mawa uliwonse amalowa m'dzenje loti likhoza kumukwirira saona kunjenjemera kwa zala kobwera patapita zaka ngati chinthu chofulumira. Si umbuli umenewu ayi. Akusankha choopsa choti athane nacho poyamba.

Kuphunzitsa sayansi kumene anthu ali

Global Mercury Project inayesa njira zingapo zophunzitsira. Ina inali sewero la pabwalo loonetsedwa m'midzi ya m'migodi, limene linakopa anthu zikwi zingapo. Metcalf ndi Veiga analemba za ntchitoyi mu 2012, ndipo ananena poyera kuti phindu lake linachepa chifukwa inachitika pamene chuma chinali chitagwa ndipo apolisi anali kumanga anthu omwe ankafunika kuphunzitsidwawo.

Njira ina inali chipangizo chotchedwa retort. Kampira kamaotchedwa m'chiwiya chotseka, nthunzi imazizira n'kubwerera kukhala mercury wamadzi amene angagwiritsidwenso ntchito. Retort ingapangidwe ndi mapaipi a madzi kapena mbale zachitsulo za kukhitchini zokwiriridwa m'mphepete ndi mchenga wonyowa. Komabe okumba ambiri sanaikonde, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Imatenga nthawi ndi nkhuni zambiri. Golide nthawi zina amatuluka wakuda, ogula n'kutsitsa mtengo. Ndiponso anthu amene akumbira limodzi amafuna aliyense aone golide ndi maso ake pamene akuotchedwa, osati atatsekeredwa m'chitsulo. Retort nayo ikatsegulidwa isanazizire imatulutsa nthunzi yonse kumaso kwa munthu.

Njira yachitatu ndi ya borax, yochokera ku Benguet m'dziko la Philippines, imene Peter Appel wa ku Denmark anailimbikitsa ndipo inayesedwa ku Kadoma. Dothi limatsukidwa mosamala mpaka patsale lolemera lokhalokha, kenaka limasungunulidwa pamoto waukali pamodzi ndi borax, amene amathandiza zonyansa kusungunuka ndi kulekana ndi golide. Mercury safunika konse.

Phunziro lalikulu ndi lakuti kumva uthenga ndi kusintha kachitidwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Anthu amasintha akaona ndi maso kuti njira yatsopano ikuwapatsa golide wochulukirapo, ndiponso akamva kwa mnzawo wa ntchito yomweyo, m'chilankhulo cha kunyumba. Malamulo aakulu a 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa izo. Gogo wa ku Ingezi amene amalera zidzukulu m'nyumba yootcheramo golide ayenera kumva za nthunzi imeneyi m'mawu amene amaganizira.

Sukulu nazo zili ndi mbali yake. Zimbabwe ili ndi mbiri yophunzitsa sayansi ndi zipangizo zotsika mtengo kuyambira ntchito ya ZIM-SCI ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ili ndi Bindura University of Science Education, yosula aphunzitsi a sayansi. Silabasi imene inayamba mu 2024 imafuna kuti ana azichita mapulojekiti okhudza kwawo. Mwana wa ku Rimuka amene akuphunzira za kuwira ndi kuuluka kwa zinthu angamve msanga ngati chitsanzo chake ndi supuni ya pamoto ija. Pali makanema oonetsa nthunzi ya mercury ikufuka pansi pa nyali yapadera, ndipo mphunzitsi angawagwiritse ntchito popanda kubweretsa mercury m'kalasi.

Zodziwika ndi zimene akatswiri akutsutsanabe

Palibe katswiri amene amakana kuti nthunzi ya mercury imawononga ubongo ndi impso, kuti wootcha ndiye amaipuma kwambiri, kuti kuotchera m'nyumba kumavulaza banja lonse, ndi kuti mwana wosabadwa ali pachiopsezo chachikulu.

Mtsutso woyamba uli pa kuchuluka kwa odwala. Anthu amene amabwera kudzayezedwa ndi odzipereka okha, ndipo n'kutheka kuti odwala ndiwo amabwera ambiri, kapena kuti odwalitsitsa anasiya kale ntchito n'kuchoka. Choncho chiwerengero cha 7 pa 10 chija ndi cha amene anayezedwa, osati cha okumba onse. Komanso mowa, malungo, HIV ndi kuchepa kwa sukulu zimakhudza mmene munthu amakhozera mayeso a machesi ndi pensulo.

Wachiwiri uli pa nsomba. Kafukufuku wa ana a kuzilumba za Faroe, kumene anthu amadya nyama ya anangumi, anapeza kuti methylmercury ngakhale wochepa amabweza m'mbuyo nzeru za ana. Wa ku Seychelles, kumene amadya nsomba za m'nyanja pafupifupi tsiku lililonse, sanapeze kuvulala koonekera chotero. Kwa banja limene ndiwo yake yotsika mtengo ndi nsomba, kulangiza kuti asiye kungabweretse vuto lina la kunyentchera.

Wachitatu uli pa borax. Ena amati ndiye yankho. Ena amati amagwira ntchito pokhapokha golide ali wa timibulu tooneka, ndipo salimba pa miyala imene golide wake ndi wosalala kwambiri kapena wotsekeredwa m'miyala ya sulphur. Wachinayi uli pa kuchira. Munthu akatalikirana ndi mercury zizindikiro zina zimachepa, koma zina zimatsala. Mankhwala otulutsa mercury m'thupi alipo, koma sathandiza ngati munthu akubwerera ku nthunzi yomweyo.

Wophunzira ayambire pati

Wophunzira wa ku University of Zimbabwe, Midlands State University kapena Chinhoyi University of Technology safunika makina odula kuti achite kafukufuku waphindu. Ndondomeko ya boma ya Education 5.0 imafuna kale kuti mayunivesite azithandiza madera owazungulira. Pali mafunso ofunika amene akhoza kuyankhidwa ndi kope, wotchi ndi khutu lomvetsera. Kodi golide amaotchedwera kuti, nthawi yanji, ndipo amakhala pafupi ndani? Kodi amayi oyembekezera amagwira mbali iti ya ntchitoyi? Kodi anamwino a m'zipatala zazing'ono amafunsa odwala za ntchito yawo akaona zala zikunjenjemera? Kodi uthenga womwewo umamveka mofanana m'Chingerezi, m'Chishona ndi m'Chichewa? Mafunso omwewa akufunikanso ku Malawi, kumene golide akukumbidwa m'madera monga Makanjira ku Mangochi, ndiponso ku Tete ndi ku Niassa.

Pali malamulo oyenera kusungidwa. Kafukufuku wokhudza thanzi la anthu amafuna chilolezo cha komiti ya yunivesite ndi cha Medical Research Council of Zimbabwe. Munthu aliyense afotokozeredwe bwino ndipo avomere yekha. Maina ndi malo enieni a maenje zibisidwe, chifukwa pepala lotayika likhoza kumangitsa munthu. Pakhale gulu loyerekezera lofanana msinkhu ndi maphunziro, ndipo mowa ndi matenda ena zifunsidwe. Wophunzira amene si dokotala asauze munthu kuti ali ndi matenda, koma amulozere kuchipatala.

Lamulo lalikulu koposa ndi lobweza zotsatira kwa eni ake. Zambiri zimene zinapezeka ku Kadoma zinasindikizidwa m'Chingerezi, m'magazini a akatswiri amene wokumba sangawapeze. Kafukufuku amene wathera m'laibulale wathandiza wolemba yekha. Wophunzira akamaliza abwerere kuchigayo, kutchalitchi, kumzikiti ndi kusukulu, akanene zimene wapeza ndi zimene banja lingachite kuyambira tsiku lomwelo: kusaotchera m'nyumba, kutalikitsa ana ndi amayi oyembekezera, kusunga mercury m'botolo lotseka lothiramo madzi pamwamba, ndi kusalowa m'chipinda chogona ndi zovala za kuntchito.

Pa ntchito imeneyi, achinyamata obadwira ku Ingezi, ku Chakari ndi ku Pfupajena ali ndi mwayi umene mlendo alibe. Amadziwa amene ali ndi mawu pachigayo, amadziwa kulonjera akuluakulu, ndipo anthu amawauza zimene sangauze munthu wobwera pagalimoto ya bungwe. Mayunivesite ndi mabungwe othandiza ndi ndalama ayenera kuwafunafuna, kuwaphunzitsa njira zoyezera, ndi kulemba maina awo pa zimene zasindikizidwa. Kuvulala kwa ubongo kunayezedwa kale mu 2004, ndipo kuchuluka kwa mercury m'matupi a okumba kunatsimikizidwanso mu 2019. Ntchito imene yatsala ndi yosintha zimene zimachitika pachigayo, m'khitchini ndi mu ofesi yolembetsera malo, ndipo oyenera kuitsogolera ndi ana a m'nyumba zomwezo.